Kusamutsa Pulojekiti ya Mapulogalamu Osasiya Malaibulale M'mbuyo: Mafunso ndi Mayankho

Mapulogalamu ambiri a pakompyuta salembedwa onse ndi munthu mmodzi. Ntchito zambiri zimene pulogalamu imagwira, monga kulumikizana ndi database, kujambula machati, kubisa mauthenga kapena kuwerengera masiku, zimachokera m'malaibulale amene anthu ena analemba kale. Choncho pulojekiti iliyonse imasunga penapake mawu osonyeza malaibulale amene imadalira ndiponso kumene angapezeke. Pulojekiti ikasamutsidwa kupita mu foda ina, pa kompyuta ina kapena kwa wolemba mapulogalamu wina, code yake imafika bwinobwino, koma mawu olozera malaibulalewa ndi amene amasokonekera kawirikawiri.

Kodi laibulale n'chiyani, ndipo pulojekiti imailozera bwanji?

Laibulale ndi code yolembedwa kale, yokonzedwa kuti mapulogalamu ena aziiitana pamene akufuna ntchito yake. Mu Java imabwera ngati fayilo ya JAR, pa Windows imakhala DLL, pa Linux dzina lake limathera ndi .so, ndipo pa macOS limathera ndi .dylib. Mu Python ndi JavaScript, kawirikawiri laibulale imakhala foda ya mafayilo a code.

Mawu olozera malaibulale amalembedwa m'mafayilo ofotokoza pulojekiti. Eclipse imawalemba mu fayilo ya .classpath, Visual Studio imawalemba mu .csproj kapena .vcxproj, Maven imawerenga pom.xml, npm imawerenga package.json, ndipo CMake imawerenga CMakeLists.txt. Mafayilowa ndi osiyana m'kalembedwe, koma njira zazikulu zolozera zilipo zitatu: kulemba adiresi yathunthu ya pamene laibulale ili pa disiki, kulemba adiresi yoyambira pa foda ya pulojekiti, kapena kungotchula dzina la laibulale ndi version yake. Njira yoyamba ndi imene imafooka msanga, ndipo yachitatu ndi imene imapirira kusamuka.

N'chifukwa chiyani pulojekiti yoyenda bwino imakana kugwira ntchito ikangosamutsidwa?

Chifukwa chachikulu n'chakuti zinthu zina zimene pulojekiti imadalira zimakhala kunja kwa foda yake, ndipo mwini wake saziona chifukwa pa kompyuta yake zilipo. Munthu akatsitsa laibulale pa intaneti n'kuisiya mu foda ya Downloads, kenako n'kuisankha ndi mouse mu Eclipse kapena Visual Studio, chidacho chikhoza kulemba adiresi ngati C:\Users\wophunzira\Downloads\lipoti.jar mu fayilo ya pulojekiti. Adiresiyi ili ndi chilembo cha disiki, dzina la mwini kompyuta komanso dzina la foda yake. Pa kompyuta ya mnzake, chimodzi mwa zitatuzi chikasiyana, laibulaleyo sipezeka.

Zizindikiro zake n'zodziwika. Java imatulutsa ClassNotFoundException kapena NoClassDefFoundError, Python imatulutsa ModuleNotFoundError, ndipo compiler ya C imadandaula kuti fayilo ya header palibe. Apa ndi pamene pamayambira mkangano wozolowereka m'magulu a olemba mapulogalamu, wina akunena kuti kwa iye ikugwira pamene kwa anzake ikukana. Onse amakhala akunena zoona. Vuto limakhala lakuti pulojekitiyo ikufotokoza kompyuta ya munthu mmodzi m'malo mofotokoza zosowa zake.

Kodi adiresi yathunthu imasiyana bwanji ndi yoyambira pa pulojekiti?

Adiresi yathunthu, imene olemba mapulogalamu amaitchula absolute path, imayambira pa tsinde la disiki: pa Windows imayamba ndi chilembo monga C:, pa Linux ndi macOS imayamba ndi chizindikiro cha /. Adiresi inayo, relative path, imayambira pamene pali fayilo ya pulojekiti. Adiresi ya lib/lipoti.jar imatanthauza fayilo imene ili mu foda ya lib mkati mwa pulojekitiyo, kaya pulojekitiyo ili pa disiki C, pa flash kapena pa seva. Foda yonse ikasamuka, adiresiyo imakhalabe yolondola.

Komabe adiresi yamtunduwu nayo ili ndi malire. Madontho awiri otsatizana amatanthauza kukwera foda imodzi, ndipo adiresi ngati ..\..\malaibulale\lipoti.dll imatuluka kunja kwa pulojekiti. Imagwira ntchito pokhapokha mafoda oyandikana nawo ayalidwa chimodzimodzi pa kompyuta yatsopanoyo. Vutoli linkaoneka kwambiri m'mapulojekiti a .NET ogwiritsa ntchito packages.config, momwe gawo la HintPath linkaloza ku foda ya packages ya solution yonse, imene ndi gulu la mapulojekiti omangidwa pamodzi. Pulojekiti yotere ikaikidwa mu solution ina, pa mlingo wina wa mafoda, maadiresi onse ankaphonya. Lamulo lodalirika n'lakuti adiresi isadumphe malire a foda yaikulu imene imasamutsidwa kapena kusungidwa mu Git, chida chosunga mbiri ya code.

Nanga ngati laibulale iyenera kukhala kunja kwa pulojekiti?

Pali malaibulale ena aakulu kwambiri, kapena a layisensi yoletsa kuwagawa, amene munthu aliyense amaika yekha pa kompyuta yake. Pamenepa pamagwiritsidwa ntchito dzina loimira malo, limene kompyuta iliyonse imalimasulira payokha. Fayilo ya pulojekiti imalemba dzinalo, ndipo adiresi yeniyeni imalembedwa kwina, m'malo amene sasamuka ndi pulojekiti.

Mu Eclipse muli ma classpath variable, ndipo lodziwika kwambiri ndi M2_REPO, limene limaloza ku nkhokwe ya Maven ya pa kompyutayo. Mulinso PROJECT_LOC ndi WORKSPACE_LOC zolozera mafayilo olumikizidwa kuchokera kunja. MSBuild, imene imamanga mapulojekiti a Visual Studio, imazindikira $(ProjectDir) ndi $(SolutionDir). CMake ili ndi CMAKE_CURRENT_SOURCE_DIR, komanso lamulo la find_package limene limafufuza laibulale m'malo odziwika popanda kulemba adiresi. Mapulojekiti a Android amasunga adiresi ya SDK mu fayilo ya local.properties, pansi pa dzina la sdk.dir, ndipo fayiloyi siyenera kulowa mu Git.

Pali msampha umodzi wofunika kuudziwa. Zimene Eclipse imazitchula User Libraries zimasungidwa mu workspace, osati mu pulojekiti. Pulojekiti imanyamula dzina lokha la laibulale, ndipo tanthauzo lake limatsala pa kompyuta yakale. N'chifukwa chake dzina lililonse loimira malo liyenera kufotokozedwa mu fayilo ya README: likuimira chiyani, likufuna version iti, ndipo munthu watsopano alikhazikitsa bwanji.

N'chifukwa chiyani kutchula dzina ndi version kumaposa kulemba adiresi?

Wolembera mnzake kaphikidwe ka chakudya amalemba kuti mchere supuni imodzi, salemba kuti mchere uli pa shelefu yachiwiri m'khitchini mwake. Umu ndi mmene zida zoyang'anira malaibulale zimagwirira ntchito: pulojekiti imanena chimene ikufuna, ndipo chidacho chimakachipeza n'kuchiika pamalo oyenera pa kompyuta iliyonse.

Maven, imene version yake ya 1.0 inatuluka mu 2004, imazindikira laibulale iliyonse ndi zinthu zitatu: groupId, artifactId ndi version. Imaitsitsa kuchokera ku nkhokwe ya Maven Central n'kuisunga mu foda ya .m2 ya mwini kompyuta. Mu 2010 kunabwera npm ya JavaScript ndi NuGet ya .NET. Python ili ndi pip ndi nkhokwe ya PyPI, Rust ili ndi Cargo, ndipo Go inayamba kugwiritsa ntchito go.mod mu version 1.11 ya mu 2018. Kwa C ndi C++ kuli Conan komanso vcpkg, imene Microsoft inatulutsa mu 2016. Ku mbali ya .NET, njira ya PackageReference imene inabwera ndi Visual Studio 2017 inachotsa kufunika kwa HintPath pa malaibulale a NuGet.

Phindu lina n'lakuti malaibulale nawonso amadalira malaibulale ena. Munthu wokopera ma JAR pamanja amaiwala mosavuta yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi pa mndandanda, pamene chida chimatsata mzere wonse mpaka kumapeto.

Kodi lock file imagwira ntchito yanji, popeza version yalembedwa kale?

Nthawi zambiri chimene chalembedwa si version imodzi koma mpata wa ma version angapo. Malaibulale ambiri amatsatira dongosolo la Semantic Versioning, la manambala atatu: loyamba limakwera pakakhala kusintha kosemphana ndi zakale, lachiwiri pakawonjezedwa zatsopano, lachitatu pakakonzedwa zolakwika. Mu package.json, kulemba ^1.4.2 kumalola version iliyonse kuyambira 1.4.2 mpaka isanafike 2.0.0. Motero kompyuta imene inaika malaibulale chaka chatha ndi imene ikuika lero zikhoza kulandira code yosiyana kuchokera pa mzere umodzi womwewo.

Lock file imalemba version yeniyeni ya laibulale iliyonse imene inaikidwa, kuphatikizapo odaliridwa ndi malaibulale ena, ndipo zambiri zimalembanso nambala ya hash yotsimikizira kuti fayilo yotsitsidwayo sinasinthidwe. Fayilo ya package-lock.json inabwera ndi npm 5 mu 2017, Cargo ili ndi Cargo.lock, Poetry ya Python ili ndi poetry.lock, ndipo Go imasunga ma hash mu go.sum. Mu Python, lamulo la pip freeze limatulutsa mndandanda wa ma version oikidwa umene umasungidwa mu requirements.txt. Lock file iyenera kusamuka ndi pulojekiti, ndipo pa kompyuta yatsopano lamulo la npm ci limaika ndendende zimene zalembedwa mmenemo.

Ndi mafoda ati amene sayenera kunyamulidwa posamuka?

Chilichonse chimene chida chinapanga chokha chiyenera kusiyidwa kuti chikapangidwenso kwatsopanoko. Foda ya node_modules, mmene npm imaika malaibulale, ikhoza kukhala ndi zigawo zomangidwira mtundu umodzi wa kompyuta, moti yochokera pa Windows imakana pa Linux. Chimodzimodzinso zomangidwira purosesa ya x86-64 sizilowa mu pulogalamu ya ARM64, ndipo kusiyana kumeneku kunafika pa madesiki a anthu ambiri Apple itatulutsa makompyuta a M1 mu 2020.

Foda ya venv, mmene mumaikidwa malaibulale a pulojekiti ya Python, nayo sisamutsidwa. Tifayilo toyendetsera malamulo mkati mwake timalemba adiresi yathunthu ya Python ya foda imeneyo, ndipo pyvenv.cfg imaloza ku Python ya pa kompyuta yakale. Njira yake ndi kupanga venv yatsopano n'kuikanso malaibulale kuchokera pa mndandanda. CMake imasunga maadiresi athunthu mu CMakeCache.txt, ndipo imakana kupitiriza ikaona kuti foda yasintha malo, choncho foda yomangira imafufutidwa n'kuyambanso. Mafoda a target, bin, obj ndi build ali m'gulu lomweli. Onsewa amalembedwa mu .gitignore kuti asalowe m'mbiri ya pulojekiti. Mafayilo okhala ndi mapasiwedi ndi makiyi achinsinsi amalembedwanso momwemo, ndipo mu Git mumaikidwa chitsanzo chake chopanda zinsinsi.

Kodi n'kulakwa kusunga malaibulale mkati mwa pulojekiti?

Si kulakwa, ndipo nthawi zina ndi nzeru. Mchitidwewu umatchedwa vendoring, ndipo Go ndi Cargo zili ndi malamulo ake, go mod vendor ndi cargo vendor. Umathandiza kumene intaneti ndi yodula kapena imadukaduka, m'maofesi oletsa makompyuta kulumikizana ndi kunja, komanso pa laibulale imene sipezeka mu nkhokwe iliyonse. Palinso njira zina zogwirira ntchito popanda intaneti: pip download imasonkhanitsa mafayilo mu foda imodzi kuti adzaikidwe pambuyo pake ndi --no-index ndi --find-links, ndipo mvn -o imauza Maven kuti igwiritse ntchito zimene inatsitsa kale.

Mtengo wake ndi wakuti laibulale yokoperedwa imaiwalika. Mu Disembala 2021, pamene kunapezeka chiopsezo chachikulu mu laibulale ya Log4j, ntchito yovuta kwa mabungwe ambiri inali kupeza makope onse obisika mkati mwa mapulogalamu awo. Choncho laibulale yoikidwa mu foda ya lib iyenera kukhala ndi version m'dzina lake, cholembedwa chonena kumene inachokera, ndiponso fayilo ya layisensi yake, popeza malayisensi ngati MIT amafuna kuti mawu a umwini aziyenda ndi code.

Njira ina ndi git submodule, imene imaloza ku nkhokwe ina ya Git pa commit yeniyeni. Wokopera pulojekiti yotere ayenera kugwiritsa ntchito git clone --recurse-submodules, apo ayi mafoda a malaibulale amafika opanda kanthu. Mu Maven, lamulo la install:install-file limaika JAR mu nkhokwe ya kompyuta imodzi yokha, motero silithetsera gulu lonse vuto la laibulale yosapezeka mu nkhokwe yodziwika.

Chimachitika n'chiyani nkhokwe ya pa intaneti ikatsekedwa kapena laibulale ikachotsedwa?

Dzina ndi version zimathandiza pokhapokha pali malo kumene zingakapezeke. Mu Malichi 2016, wolemba mapulogalamu wina anachotsa malaibulale ake opitirira 250 pa npm. Imodzi mwa iwo inali left-pad, ya mizere 11 yokha, koma mapulojekiti ambirimbiri ankaidalira kudzera m'malaibulale ena, kuphatikizapo Babel. Kumanga kunaima m'malo ambiri mpaka npm itaibwezeretsa, ndipo pambuyo pake malamulo ochotsera malaibulale anakhwimitsidwa. Mu 2021 kampani ya JFrog inalengeza kutseka nkhokwe zake za Bintray ndi JCenter, ndipo mapulojekiti ambiri a Android anayenera kusintha kuti aziloza ku Maven Central.

Chitetezo chake ndi nkhokwe yapakati ya bungwe, monga Nexus kapena Artifactory, imene imasunga kope ya laibulale iliyonse yotsitsidwa komanso malaibulale olembedwa m'bungwemo. Adiresi ya nkhokweyi iyenera kulembedwa pamalo amodzi okha, kuti ikasintha pakonzedwe mzere umodzi.

Kodi kusamuka pakati pa Windows, Linux ndi macOS kumabweretsa mavuto ena ati?

Loyamba ndi zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Mwachizolowezi Windows ndi macOS zimaona Lipoti.h ndi lipoti.h ngati fayilo imodzi, pamene Linux imaziona ngati mafayilo awiri. Pulojekiti yolemba dzinalo mosasamala imayenda pa laputopu koma n'kukana pa seva ya Linux. Lachiwiri ndi chizindikiro cholekanitsa mafoda: Windows imagwiritsa ntchito \ pamene zinazo zimagwiritsa ntchito /. Zida zambiri zomangira zimalandira / paliponse, ndipo mkati mwa code ndi bwino kulumikiza maadiresi ndi zida monga pathlib ya Python m'malo molemba zizindikirozi pamanja. Mndandanda wa classpath ya Java umalekanitsidwa ndi ; pa Windows koma ndi : pa Linux ndi macOS.

Lachitatu ndi kutalika kwa adiresi. Mapulogalamu ambiri a Windows amalephera adiresi ikapitirira zilembo 260, moti pulojekiti yoikidwa mkatikati mwa mafoda ambiri ikhoza kukana chifukwa cha malo okhawo. Mipata ndi zilembo zachilendo m'mayina a mafoda zimasokonezanso ma script olembedwa mopanda chisamaliro.

Pulogalamu ikamangidwa, kodi nkhani ya malaibulale yatha?

Ayi. Malaibulale ena amafunidwanso pa nthawi yoyendetsa pulogalamu, ndipo amafufuzidwa m'njira ina. Pa Windows, foda imene muli pulogalamuyo ndi amodzi mwa malo oyamba kufufuzamo DLL, n'chifukwa chake ma DLL amaikidwa pambali pa fayilo ya .exe. Pa Linux, adiresi yofufuzira ikhoza kulembedwa mkati mwa pulogalamu yomangidwayo, m'gawo la RPATH kapena RUNPATH. Ikakhala adiresi yathunthu ya foda yomangira, pulogalamuyo imakana ikangochotsedwa pamenepo. Mawu akuti $ORIGIN amathetsa vutoli, chifukwa amaimira foda imene pulogalamuyo ili, moti $ORIGIN/../lib imakhala yolondola kulikonse. Pa macOS ntchito yomweyi imagwiridwa ndi @loader_path ndi @rpath. Mu Java, mzere wa Class-Path mu manifest ya JAR umawerengedwa kuyambira pamene JAR ili. Kudalira LD_LIBRARY_PATH kumathandiza pofufuza vuto, koma kumabweza pulojekiti ku kudalira kakonzedwe ka kompyuta imodzi.

Nanga zida zomangira zimasungidwa bwanji kuti zisasinthe?

Compiler, JDK, Node.js kapena Python nazo ndi zinthu zimene pulojekiti imadalira, ndipo version yake iyenera kulembedwa. Gradle ili ndi wrapper, kafayilo ka gradlew kamene kamatsitsa version ya Gradle yolembedwa mu pulojekiti, ndipo Maven ili ndi mvnw. Mapulojekiti a .NET amagwiritsa ntchito global.json posankha SDK. Docker, imene inatuluka mu 2013, imafika patali kuposa apa, chifukwa Dockerfile imafotokoza malo onse omangira ndi oyendetsera pulogalamu. Komabe Dockerfile yoloza ku image ya latest imasintha pakapita nthawi, choncho nayo imafuna version yeniyeni.

Kodi pulojekiti yakale yodzaza ndi maadiresi athunthu imakonzedwa bwanji, ndipo zimadziwika bwanji kuti yakonzeka?

Ntchito imayamba ndi kufufuza m'mafayilo onse a pulojekiti mawu ngati C:\, /home/ ndi /Users/, ndipo paliponse pamene apezeka palembedwe laibulale imene ikulozeredwa ndi version yake. Kenako malaibulale amagawidwa patatu. Opezeka mu nkhokwe yodziwika amalembedwa ndi dzina ndi version mu fayilo ya chida choyang'anira malaibulale. Osapezeka kwina kulikonse amaikidwa mu foda ya lib kapena mu nkhokwe ya bungwe. Oyenera kukhala kunja amalozeredwa ndi dzina loimira malo lofotokozedwa mu README. Zikatero lock file imapangidwa, .gitignore imalembedwa, ndipo ngati n'kotheka mafayilo a Eclipse kapena zida zina zolembera amasiyidwa kuti azipangidwa kuchokera ku pom.xml kapena build.gradle, osati kusungidwa ngati gwero la zoona.

Umboni wake ndi umodzi: kukopera pulojekiti kuchokera mu Git kupita pa kompyuta imene sinaionepo, mu foda ya dzina lina, n'kuimanga potsatira README yokha. Kuyesera pa kompyuta yakale sikokwanira, chifukwa malaibulale otsitsidwa kale amabisa zosoweka. Zida monga Jenkins ndi GitHub Actions zikhoza kukonzedwa kuti zizibwereza mayesowa pa kusintha kulikonse kwa code, ndipo motero adiresi yathunthu ikalowanso mu pulojekiti imagwidwa tsiku lomwelo, wolembayo asanaiwale chimene anasintha.